Nyimbo Zikamangoima Zokha pa Foni, Musathamangire Kufufuta Pulogalamu

Dandaulo lake ndi lodziwika. Nyimbo ikulira bwinobwino, munthu waika foni m'thumba, pasanathe mphindi zingapo kwangoti zii. Akaitulutsa n'kudina, nyimbo iyambanso. Akaibwezera m'thumba, yaimanso. Ambiri akafika pamenepa amagamula msanga kuti Boomplay, Audiomack kapena Spotify yawonongeka, ndiye amaifufuta n'kuiikanso. Bandulo yapita, nyimbo zonse zimene anasunga zapita, koma mawa lake vuto lili pompo. Chimene sadziwa n'chakuti kawirikawiri pulogalamu ya nyimbo siima mwa iyo yokha, imachita kuimitsidwa. Pamakhala china chimene chailamula kuti ikhale chete, chaimana data, kapena chaitseka, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimasiya chizindikiro chakechake. Munthu wodziwa kuwerenga zizindikirozo amathetsa vutoli yekha osalipira aliyense. N'chifukwa chake malangizo otsatirawa asanjidwa dala motere: kuyamba ndi kuona, kenako zinthu zaulere zimene mungathe kubwezeretsa mmene zinalili, ndipo zodya data ndi ndalama zikhale kumapeto.

Choyamba, onani mmene nyimboyo yaimira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho ikaima musadine chilichonse. Yatsani sikirini, kokerani pansi kuchokera pamwamba pomwe pamafikira mauthenga, muyang'ane kabokosi kosonyeza nyimbo imene imalira. Ngati kabokosiko kalipo koma batani lasintha, timizere tiwiri tija tasanduka kachizindikiro ka makona atatu, ndiye kuti pulogalamu yalandira lamulo loti iime, ndipo lamulolo lachokera ku mahedifoni, ku pulogalamu ina, kapena ku foni ya munthu wina amene akugwiritsa ntchito akaunti yanu. Ngati timizere tiwiri tikadalipo, kapena mukuona kamkombero kakungozungulira masekondi osayenda, pulogalamu ikufuna kuimba koma nyimbo sikufika, ndipo pamenepo nkhani ndi ya netiweki kapena bandulo. Ngati kabokosi kasoweratu, ndipo mukatsegula pulogalamu ikuyambira pachiyambi ngati kuti simunaitsegule lero, foni yanu ndi imene yaitseka pofuna kusunga batire kapena chifukwa memori yachepa. Onaninso nthawi imene zimachitikira: kodi ndi pamene sikirini yazima, pamene mwatsegula Facebook, pamene mukuyenda, kapena pamalo amodzimodzi a msewu tsiku lililonse? Matenda atatuwa amafanana m'makutu, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo amene wawasokoneza amataya nthawi kukonza chinthu chimene sichinawonongeke.

Musanapite patali, chotsani zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati vuto pomwe pulogalamu ikungochita zimene inapangidwira. Pulogalamu ya YouTube, kwa amene salipira Premium, imaima sikirini ikazima kapena mukatulukamo, ndipo YouTube Music yaulere m'maiko ambiri imachita chimodzimodzi. Palibe batani la m'foni limene lingasinthe zimenezo. Mapulogalamu ambiri ali ndi Sleep timer, yomwe imazimitsa nyimbo pakatha mphindi zimene munasankha, ndipo n'zosavuta kuidina mosadziwa. Ndiponso ngati Autoplay ndi yozimitsa, chimbale chikatha nyimbo zimatheranso pomwepo. Zitatuzi zikakhala kuti sizikukukhudzani, yesani chinthu chimodzi chimene chimapatula matenda aja mosakayikitsa. Sankhani nyimbo zimene munasunga kale m'pulogalamumo, zulani mahedifoni, zimitsani Bluetooth, yatsani Airplane mode, muziimbe pa sipika ya foni, kenako zimitsani sikirini n'kuisiya patebulo kwa mphindi 15 kapena 20. Nyimbo ikaima, netiweki ndi mahedifoni zilibe mlandu, chifukwa zonse munazichotsa; wotsala ndi foni yeniyeniyo. Ikapitiriza osaima, bwezerani zinthu chimodzichimodzi, mahedifoni kaye, kenako data, mpaka vuto litabweranso. Chimene mwabwezera komalizacho ndiye gwero lake.

Chachiwiri, masulani pulogalamu ku malamulo osunga batire. Apa ndi pamene pagona vuto la anthu ambiri a mafoni a Android, ndipo pali chifukwa chake. Kuyambira pa Android 6, imene inatuluka mu 2015, Google inaikamo njira yotchedwa Doze, yomwe imachepetsa zochita za mapulogalamu foni ikakhala kuti sikugwiritsidwa ntchito. Android 8 ya mu 2017 inakhwimitsanso malamulo a mapulogalamu ogwira ntchito kuseri, ndipo Android 9 ya mu 2018 inabweretsa Adaptive Battery, imene imaphunzira kuti ndi mapulogalamu ati amene mumawatsegula kawirikawiri n'kumamana enawo mphamvu. Mwa malamulo a Android yeniyeniyo, pulogalamu imene ikuimba nyimbo siyenera kutsekedwa wamba. Koma makampani opanga mafoni amawonjezera njira zawozawo pamwamba pake pofuna kuti batire lizikhalitsa, ndipo zina mwa njirazi sizisiyanitsa pulogalamu imene ikungodya batire pachabe ndi imene mwini foni akumvera. Vutoli ndi lodziwika moti pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Don't Kill My App limene ntchito yake ndi kufotokoza mmene foni ya kampani iliyonse imachitira zimenezi.

Kakonzedwe kake n'kotere. Dinani chizindikiro cha pulogalamu ya nyimbo osachotsa chala mpaka patatuluka App info, lowani mmenemo, pitani pa Battery. Pa mafoni a Android 12 kupita m'tsogolo mupezapo mawu atatu, Unrestricted, Optimized ndi Restricted, sankhani Unrestricted. Pa mafoni akale pezani Battery optimization muike pulogalamuyo pa Don't optimize. Musalekere pomwepo, chifukwa kampani iliyonse ili ndi khomo lake lachiwiri. Pa Samsung lowani mu Battery, kenako Background usage limits, muonetsetse kuti pulogalamuyo mulibe mu Sleeping apps kapena Deep sleeping apps, ndipo muiike m'gulu la mapulogalamu osagonekedwa. Pa Xiaomi ndi Redmi yatsani Autostart, ndipo pa Battery saver ya pulogalamuyo sankhani No restrictions. Pa Huawei pitani pa App launch musinthe kuti muziiyendetsa nokha. Pa Tecno ndi Infinix, mafoni a kampani ya Transsion amene ali m'manja mwa anthu ambiri kuno, yang'anani Auto-start management mu Phone Master kapena mu Settings, muilole pulogalamuyo kuti izigwira ntchito kuseri. Mayina a mabataniwa amasinthasintha malinga ndi chaka cha foni, choncho mukasowa njira lembani mawu akuti battery pamalo ofufuzira a mu Settings. Pomaliza tsegulani pomwe pamaoneka mapulogalamu onse otsegula, mupeze kachizindikiro ka loko pa pulogalamu ya nyimbo n'kukadina, kuti batani lotseka zonse lisamaikolope limodzi ndi zinazo. Ngati Power saving kapena Ultra power saving ndi yoyatsa, izimitseni kaye muyesenso.

Wina anena kuti malangizo amenewa ndi a anthu amene magetsi sawavuta. Kumene magetsi amazima kwa maola ambiri, kapena kumene kutchajitsa foni n'kolipira pa sitolo, batire ndi chuma, ndipo kuuza munthu kuti amasule pulogalamu kuli ngati kumuuza kuti aziliwononga. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma tiyeni tiione bwino. Chimene chimadya batire kwambiri pa foni ndi sikirini, kenako kulimbana ndi netiweki yofooka. Kuimba nyimbo sikirini ili yozima kumadya pang'ono poyerekeza ndi zimenezi. Tsono munthu amene nyimbo zikumuimira amatani? Amayatsa sikirini mobwerezabwereza kuti adinenso, kapena amangoisiya yoyaka kuti pulogalamu isatsekedwe, ndipo nthawi iliyonse imene yatsekedwa imayambiranso kukoka zinthu pa intaneti. Pamapeto pake batire limene amati akusunga latha mwachangu kuposa akanangoimasula. Komanso simukuchotsa malamulo pa mapulogalamu onse, mukumasula imodzi yokha imene mukuimvera. Tsiku limene batire latsala pang'ono ndipo magetsi kulibe, yatsani Power saving mwadala, mukudziwa kuti mwasankha kuimba ndi kulandira mafoni m'malo mwa nyimbo. Choipa n'chakuti foni izikusankhirani inu osadziwa.

Chachitatu, onani za memori ndi mapulogalamu oyeretsa foni. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazitchula dzina limodzi. Storage ndi malo osungira zithunzi, mavidiyo ndi nyimbo, pomwe RAM ndi malo amene mapulogalamu otsegula amagwiriramo ntchito panthawiyo. Foni ya RAM ya 2GB, monga mafoni ambiri otsika mtengo a Android Go, ikakhala kuti Facebook, TikTok, Chrome ndi kamera zonse n'zotsegula, imayamba kutseka zina kuti ipume, ndipo ya nyimbo ikhoza kupita nawo. Tsekani zolemerazo musanayambe kumvera, ndipo komwe kuli mtundu wopepuka, monga Facebook Lite, gwiritsani ntchito umenewo. Storage nayo ikadzaza pulogalamu imasowa poika kachigawo ka nyimbo kamene imakokeratu, choncho siyani malo osachepera 1GB; mavidiyo a m'magulu a WhatsApp ndiwo amakhala oyamba kuwachotsa. Ngati nyimbo zosunga zili pa memori khadi ndipo zimadumphadumpha ngakhale popanda intaneti, zisamutsireni m'foni muyesenso, chifukwa khadi yokalamba kapena yachinyengo imachedwa kuwerengeka. Za mapulogalamu olonjeza kuthamangitsa foni, ambiri amawakhulupirira chifukwa akadina batani amaona manambala akusintha. Koma ntchito yeniyeni ya batani limenelo ndi kutseka mapulogalamu amene ali kuseri, ndipo pulogalamu ya nyimbo sikirini ikazima imakhala kuseri komweko. Android imadziwa kale kugawa RAM, ndipo mapulogalamu otsekedwa mokakamiza amangodzukanso n'kudya batire lina. Mapulogalamu oyeretsa amene munachita kuika nokha achotseni. Amene anabwera ndi foni, ikani pulogalamu ya nyimbo pa mndandanda wa zosatsekedwa.

Chachinayi, ngati batani linachita kusintha lokha, yambani ndi mahedifoni. Mafoni anapangidwa kuti mahedifoni akazuka nyimbo iziima nthawi yomweyo, kuopa kuti ingayambe kusokosera pa sipika muli m'minibasi kapena m'tchalitchi. Vuto limabwera pamene foni ikuganiza kuti azuka pomwe sanazuke. Kabowo kolowetsa mahedifoni kamatola fumbi ndi ulusi wa m'thumba, zimenezi n'kuumbana pansi pake, moti pulagi siifika kumapeto. Mukangoponda mwamphamvu kapena kukhala pansi, imasuntha pang'ono, nyimbo n'kuima. Zimitsani foni, walitsani tochi m'kabowomo, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano kapena waya. Kenako imbani nyimbo mukupinda chingwe pafupi ndi pulagi ndi pafupi ndi kabatani ka maikolofoni. Ikaima pamene mwapinda, chingwe chaduka m'kati, ndipo kabatani kolowa thukuta kapena madzi kamathanso kutumiza lamulo loimitsa popanda wokadina. Kubwereka mahedifoni a mnzanu kwa mphindi zochepa kumathetsa mkangano wonse. Pa Bluetooth, kumbukirani kuti imafika pafupifupi mamita 10 pamalo opanda chotchinga, kuti thupi la munthu limaitchinga, ndiponso kuti imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz omwenso Wi-Fi yambiri imadutsamo. Tchajani mahedifoniwo, sunthirani foni m'thumba lakutsogolo, ndipo zikapitirira dinani Forget kapena Unpair muwalumikizenso. Ena, monga AirPods, amaimitsa nyimbo akamva ngati achoka m'khutu. Ngati sakukhala bwino m'khutu mwanu, zimitsani Automatic Ear Detection.

Chachisanu, fufuzani amene akulanda mawu. Foni imalola pulogalamu imodzi kukhala mwini sipika panthawi imodzi, ndipo ina ikapempha, yoyambayo imayenera kutsitsa mawu kapena kuima. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, vidiyo yongoyamba yokha pa Facebook kapena Instagram, tsamba la mu Chrome lokhala ndi malonda olankhula, ngakhale Google Assistant itamva ngati mwaiitana, zonsezi zimatha kuimitsa nyimbo, ndipo si nthawi zonse pamene imayambiranso yokha. Zimitsani mavidiyo ongoyamba okha m'mapulogalamu amenewo, ndipo tsekani mapulogalamu ena oimba amene ali otsegula. Wolanda wina sakhala m'foni mwanu n'komwe. Akaunti imodzi ya Spotify imaimba pa chipangizo chimodzi panthawi imodzi, choncho ngati munapatsako mlongo wanu kapena mnzanu pasiwedi, iye akangodina nyimbo kwawoko, yanu imaima. Chizindikiro chake n'chakuti mumapeza nyimbo zachilendo pa mndandanda wa zimene mwamvera posachedwa, kapena pulogalamu imasonyeza dzina la chipangizo chimene si chanu. Lowani pa tsamba la akaunti yanu, dinani Sign out everywhere, musinthe pasiwedi. Ngati kugawanako munachita kugwirizana, njira yake ndi Duo ya anthu awiri kapena Family ya anthu mpaka 6 okhala nyumba imodzi, pomwe aliyense amakhala ndi akaunti yake.

Chachisanu ndi chimodzi, ngati kamkombero kamangozungulira, yang'anani data ndi netiweki. Yambani ndi bandulo. Mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha sagwira ntchito pa mapulogalamu a nyimbo, choncho mauthenga akhoza kumalowa bwinobwino pomwe bandulo ya intaneti yonse inatha kale. Kenako mu App info lowani pa Mobile data muyatse Background data, ndipo ngati Data Saver ndi yoyatsa, lolani pulogalamu ya nyimbo pa Unrestricted data. Kupanda kutero foni ikhoza kuimana data ikakhala kuseri. Pa iPhone onani Low Data Mode ndi Low Power Mode, ndipo mutsimikize kuti pulogalamuyo ndi yololedwa kugwiritsa ntchito data ya pa SIM. Nyimbo payokha sifuna intaneti yothamanga kwambiri. Pa Spotify, mlingo wa kamvekedwe ka nyimbo wotchedwa Normal ndi pafupifupi 96 kbps, zomwe ndi pafupifupi 43MB pa ola. High ndi 160 kbps, pafupifupi 72MB. Very high ndi 320 kbps, pafupifupi 144MB. Netiweki ya 3G kapena 4G yokhazikika imakwanitsa zimenezi mosavuta. Chimene chimapha nyimbo ndi kudukaduka, monga pamene foni ikudumpha kuchoka pa 4G kupita pa H mpaka pa E muli pa ulendo, kapena pamene yakakamira Wi-Fi ya m'nyumba inu muli kale panja. Kutsitsa mlingo kumathandiza chifukwa pulogalamu imakokeratu gawo lalikulu la nyimbo m'kanthawi kochepa kamene netiweki ilipo. Koma mankhwala enieni ndi kusungiratu nyimbo pamene muli pa netiweki yabwino kapena pa bandulo yausiku. Pa Spotify zimenezi zimafuna Premium ndiponso kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse kuti zosungazo zisachoke, pomwe pa Audiomack nyimbo zambiri zimasungika osalipira.

Chachisanu ndi chiwiri, tsopano mukhoza kukhudza pulogalamu yeniyeniyo, koma motsatira ndondomeko. Zimitsani foni n'kuiyatsanso. Pitani ku Play Store kapena App Store muone ngati pali update, chifukwa zimachitikadi kuti mtundu wina wa pulogalamu umatuluka ndi cholakwika chimene eni ake amakonza pambuyo pake. Kenako dinani Clear cache, makamaka ya m'kati mwa pulogalamu momwemo. Pa Spotify imeneyi siichotsa nyimbo zimene munasunga. Samalani ndi batani la mu App info la Clear data kapena Clear storage, lomwe limakutulutsani mu akaunti n'kufufuta zosunga zonse, ndipo musalidine musanatsimikize kuti pasiwedi mukuikumbukira. Kufufuta pulogalamu n'kuiikanso kubwere pamapeto penipeni. Ena amaumirira kuti njira imeneyi inawathandizapo, ndipo sakunama: mafayilo a pulogalamu akasokonekera imathandizadi. Koma nthawi zina mpumulowo umakhala wa masiku ochepa chabe, chifukwa foni imayambanso kuigoneka pulogalamuyo monga kale, ndipo kuiikanso sikukonza chingwe choduka, bandulo yotha kapena m'bale amene ali ndi pasiwedi yanu. Mukaiikanso, bwererani ku Battery mukaimasulenso, popeza zimene munasintha zija zimabwerera mwakale. Ndipo ngati pulogalamu yanu ndi ija yochita kupatsana pa Xender kapena yotengedwa pa masamba olonjeza Premium yaulere, musadabwe ikamaima: siilandira ma update oyenera, eni nyimbo amatha kuitsekera, ndipo mukhoza kulowetsa nayo zinthu zoba chinsinsi chanu.

Pali amene anganene kuti zonsezi n'zotopetsa, bola kugula foni yatsopano kapena kubwerera ku nyimbo za MP3 zoikitsa pa memori khadi. Nyimbo za pa khadi zilidi ndi ubwino wake kumene netiweki ndi yovuta, koma pulogalamu yoziimbira ikhoza kutsekedwa ndi malamulo a batire omwewo, ndipo mahedifoni owonongeka amaziimitsa chimodzimodzi. Foni yatsopano nayo imabwera ndi njira zosungira batire zoyatsiratu, moti munthu akhoza kuwononga ndalama zambiri n'kupeza vuto lomwe lija sabata yoyamba. Chofunika n'kusintha chinthu chimodzi, kuyesa, kenako n'kupita pa china, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukasintha zisanu nthawi imodzi, vuto likadzabweranso, monga zimachitikira nthawi zina foni ikalandira update, mudzayambiranso kufufuza. Kwa wokonza mafoni pitani pokhapokha zizindikiro zikuloza ku chipangizo chenichenicho: mahedifoni atatu osiyana onse akuimitsa nyimbo mukagwedeza pulagi, foni ikusonyeza kuti mahedifoni alowa pomwe mulibe, ikutentha kwambiri n'kumatseka mapulogalamu onse, kapena batire latupa. Batire lotupa lisadikire mawa. Lekani kuitchaja foniyo. Mukafika kwa wokonza mafoniyo mufotokozereni zimene mwayesa kale ndi zimene munaona, kuti akonze kabowo kapena batire m'malo mongofulasha foni yonse n'kukutayitsani zithunzi ndi manambala anu.